Chitseko cha Firiji Panjinga

Manzanillo, 6 Juni 1994

Osmel,

Moni kuchokera kuno kwanu, ngati ukukumbukabe kuti kuli kwanu. Ndikhulupirira uli bwino ku Veracruz komweko, ndipo mimba ikutuluka monga zimakhalira ndi anthu amene anamaliza sukulu.

Mtima pansi, Amayi atuluka m'chipatala Lachiwiri. Anayenda okha kuchokera pakhomo la wodi mpaka pangolo ya kavalo. Titafika kunyumba, funso lawo loyamba linali lakuti ndani ankathirira maluwa awo. Ndinalowa kubafa n'kulira pang'ono, kenako ndinatuluka n'kuwakalipira chifukwa cha maluwawo.

Timabotolo ta insulini tisanu ndi kamodzi tija unapatsira a Arsenio a m'sitima yapamadzi tafika bwino. Zikomo. Uwerenge bwino liwu limenelo chifukwa sindililemba kawiri. Kogulitsira mankhwala kuno mwezi uno kulibe, ndipo za mwezi wamawa palibe akudziwa. Ndiye timabotolo takoti ndiwo moyo wa Amayi mpaka Khirisimasi.

Vuto nali. Firiji yafa. Magetsi anazima maola khumi ndi anayi, ndipo pobwera anabwera ndi ukali, mota n'kupsa. Fungo ndinalimva ndili pakhonde. Namwino akuti mankhwalawa akatenthedwa amasanduka madzi chabe, ndipo kutentha kwa Juni wa kuno ukukudziwa, ndi abuluzi omwe akubisala. Pakali pano ndawaika m'botolo lalikulu, ndamanga chingwe, ndatsitsira m'chitsime cha kuseri. Si kozizira kwenikweni, koma kuli bwino kuposa m'nyumba.

Nditumizire mota. Nambala yake ndalemba kuseri kwa pepalali. Usanditumizire sopo, usanditumizire chithunzi china utatsamira galimoto. Mota basi. Kuika ndiika ndekha. Zaka zitatu ndi theka za uinjiniya ku Santiago sizinandisiyire satifiketi, koma manja anatsala. Bambo atamwalira wina anayenera kubwerera kudzasamala Amayi kuti wina amalize. Sindikudandaula ayi, ndikungokukumbutsa.

Mkulu wako,
Idalmis


Veracruz, 25 Juni 1994

Achemwali okondedwa,

Ndalandira kalata yanu. Ndinaiwerenga chiimire padoko pomwepo, ndipo nditafika poti Amayi akufunsa za maluwa ndinaseka mpaka a Arsenio anandiyang'ana ngati ndapenga. Muwapsompsone pamphumi m'malo mwanga. Ine ndili bwino, ntchito ikuyenda.

Za mota musandipsere mtima. A Arsenio akuti chinthu cholemera chotero sichingabisike m'chikwama cha zovala, ndipo sakufuna kutaya ntchito chifukwa cha firiji ya eni. Ndikufunafuna njira ina. Ndipatseni nthawi.

Koma pali china. Kufakitale ya zakumwa kumene ndikugwira ntchito, Lachisanu lililonse kumabwera bambo wina kudzaphunzitsa akuluakulu mmene angapezere nzeru zatsopano zinthu zikathina. Ndakukoperani mfundo zake papepala limene ndaika muno. Poyamba akuti tchulani vuto lanu osatchula chipangizo. Inu mukuti vuto ndi mota. Kodi Amayi amabaya mota? Kenako akuti lembani maganizo makumi atatu, ngakhale opusa, osakana ndi limodzi lomwe mpaka mutamaliza, chifukwa ganizo labwino limabwera litabisala kumbuyo kwa lopusa. Akutinso itanani anthu osadziwa ntchito yanu, poti wodziwa amaona njira yokhayo imene anaphunzitsidwa. Mukatero muyang'ane ngati pali maganizo awiri olumala amene atagwirana manja angayende.

Ndikudziwa kuti museka. Ingoyesani. Mutu wanu unali woposa wanga kuyambira kale, ndi Bambo omwe ankanena.

Ndaikamo sopo awiri ngakhale munakana.

Mlongo wanu,
Osmel


Manzanillo, 17 Julayi 1994

Bwana Osmel,

Moni. Tili moyo. Sopo wafika, pepala lafika. Envulopu ndinaikutumula kawiri kuti mwina mota yakanirira pakona.

Ndiye kumeneko amalipira munthu kuti aphunzitse anzake kuganiza? Kuno tikukazinga makoko a nthochi n'kumati ndi nyama, zokupizira mphepo tikuyendetsa ndi mota za makina ochapira, ndipo palibe amene watiombera m'manja. Iwe wa digiri ukundifunsa ngati Amayi amabaya mota. Ukanakhala pafupi ndikanakuyankha ndi sipanala.

Mota ndinaitsegula ndekha. Ndinaidula ndi sowo, ndinachotsa waya wopsa, n'kukulunga wina amene ndinasinthanitsa ndi nkhuku ziwiri. Masiku asanu ndi anayi, zala zonse mabala okhaokha. Inalira, Osmel. Inalira bwinobwino masiku awiri, ndipo ndinkayenda mumsewu ngati nduna. Tsiku lachitatu magetsi anapita, anabwera, fungo lija.

Choipa kwambiri ndi ichi. Mvula sinagwe, chitsime chatsika, ndipo masiku amene ndinali kalikiliki ndi waya sindinaone kuti botolo lija likungolendewera m'malere, madzi atalisiya. Kabotolo kamodzi kachita timibulu m'kati. Namwino wati titaye. Mwezi wathunthu wa moyo wa Amayi ndautaya kudzala ndi manja angawa. Kamodzi katha ndi kubaya, ndiye tatsala tinayi. Chingwe ndatalikitsa, koma madzi otsalawo ndi ofunda ngati tiyi woiwalika.

Pepala lako ndinaliponya patebulo, Amayi n'kulitola. Tsopano masana aliwonse amakhala pakhonde ndi anzawo osewera nawo domino, a Clotilde ndi a Fermina, n'kumachita chimene akuchitcha msonkhano. Ine andisankha mlembi chifukwa onse atatu maso anatha. A Clotilde akuti tikwirire mankhwalawo patsinde pa mango. A Fermina akuti tikaike m'manda a simenti a amuna awo. "Muja mumazizira, mwanawe. Zaka khumi amuna anga sanadandaulepo." A Clotilde akutinso tikapatse wogulitsa ayezi kudoko. Nditanena kuti mankhwalawa akauma ndi chisanu amafanso, Amayi anamenya tebulo. "Mlembi salankhula! Lemba!"

Tafika pa maganizo khumi ndi asanu ndi awiri, ndipo lomalizalo ndi la Amayi. Akuti tikasungitse kwa Nereida, poti nyumba yake ili pa waya umodzi ndi chipatala ndipo magetsi kumeneko sazima. Ndalemba, koma umve bwino, sindipita. Mkazi wakoyo sitinalankhulane zaka zitatu, chichokere iwe pa ulendo wa kuntchito uja umene sunabwerere, osatsanzika ndi mphaka yemwe. Anandipeza pamzere wa buledi n'kunena pamaso pa anthu kuti ine ndinkadziwa zonse. Ndinamuyankha kuti mwamuna sathawa nyumba imene muli mkazi. Mzere wonse unaseka. Anali mawu okhwima bwino ndipo sindinawabweze. Komanso firiji yake nayo inafa kale, Amayi avomera okha. Nditawafunsa kuti za m'khitchini mwa Nereida akuzidziwa bwanji, anayamba kusakaniza madomino.

Tumiza mota. Ngati ndalama zako zili ndi ntchito yoposa mayi ako, nena poyera, usabisale kumbuyo kwa a Arsenio.

Idalmis


Veracruz, 4 Ogasiti 1994

Achemwali,

Kalata yanu yafika dzulo. Yangayi sindikudziwa idzakupezani liti, chifukwa sitima ya a Arsenio yawonongeka ndipo akuti ikhala padoko milungu itatu. Chiwerengereni za kabotolo kaja chakudya sichikulowa.

Mwati ndinene poyera. Chabwino. Mota sindinagule chifukwa ndilibe pogwira. A Arsenio akanaibisa, ine ndi amene ndinawapempha kuti akane. Zonse zimene ndinasunga chaka chathunthu zinapita ku timabotolo tija. Kufakitale sindikhala mu ofesi. Digiri yanga kuno akuti ikufunika zidindo zimene ndilibe, ndiye ndimasesa, ndimakolopa, ndimanyamula makireti. Bambo wa Lachisanu uja saphunzitsa ine. Ndimalowa m'chipindamo akuluakulu atatuluka, kukatola makapu ndi kufufuta bolodi. Tsiku lija ndinaima ndi kansalu m'manja, ndikuganiza za chitsime chanu, ndipo ndisanafufute ndinakopera zonse kuseri kwa pepala la oda. Ndicho chokha ndinali nacho chokutumizirani. Galimoto ya pachithunzi ndi ya mkulu wa alonda.

Sindinakuuzeni chifukwa munasiya sukulu kuti ine ndimalize. Ndikanayamba bwanji kukuuzani kuti zonsezo zinathera patsache?

Ndaona mota yakale kwa munthu wina kuno, ndipo ndayamba kugwira ndi Lamlungu lomwe. Koma si za mwezi uno, ndipo timabotolo sitidikira. Ndikukupemphani, pitani kwa Nereida. Ngakhale firiji yake inafa, aneba ake ali pa waya womwewo ndipo iye amamvana nawo. Wolakwa pa nkhani yonse ija ndine, si inu, si iye. Akafuna kutukwana munthu, mumpatse keyala yanga.

Osmel


Manzanillo, 9 Ogasiti 1994

Mwana wanga Osmel,

Ndine mayi ako. Zilembo zakula chifukwa cha maso, usadabwe. Ndili bwino, ndikudya, miyendo yasiya kutupa. Nanga iwe ukudya? Pachithunzi chija wawonda, yonenepa ndi galimoto.

Kalata yako sitinaione chifikire ija ya Juni. Mkulu wako akuti wanyanyala. Ine ndikuti ndi sitima.

Ndikulemba mobisa kuti ugone tulo. Mankhwala anga ali pozizira tsopano, timabotolo tonse tinayi.

Zinayenda chonchi. Idalmis anandipanikiza mpaka ndinaulula kuti Lamlungu lililonse ndikachoka ku Misa ndimakamwa khofi kwa Nereida. Ndi mpongozi wanga, ine ndinalibe naye mlandu. Idalmis anakalipa kaye, kenako anafunsa kuti firiji ya kumeneko inafa chiyani. Ndinati ine si injiniya, ndimangoona kuti chitseko chinadyeka ndi dzimbiri n'kugwa, ndipo mwanayo amasungiramo mbale, koma tsiku lina anaiyatsa kuti andionetse ndipo inalira ngati mphaka wokhuta. Mkulu wako anatenga pepala la msonkhano wathu, analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakaima pa firiji yathu n'kumatsegula ndi kutseka chitseko ngati wazungulira mutu. Paja mafiriji awiriwa ndi mapasa, a ku Russia aja, bambo ako ndi bambo a Nereida anawalandira kuntchito chaka chimodzi. Yathu yafa mtima, yawo yafa chitseko. Anatukwana liwu limene sindingalembe.

Masiku awiri sanachite kanthu, ankangokalipira nkhuku. Ine ndinangomusiya, mwana wanga ndimamudziwa, ukamukankha amamera mizu. Tsiku lachitatu m'mawa ndinamva sipanala ikulira. Posakhalitsa ndinamuona akutuluka pachipata atamanga chitseko cha firiji panjinga, atavala bulauzi yake yabwino ija amapita nayo kumaliro.

Zimene anakambirana kumeneko sakundiuza, Nereida nayenso akungoseka. A Fermina akuuza aliyense kuti nzeruyi inali yawo.

Usamuuze kuti ndakulembera. Uzivala juzi kukazizira.

Mayi ako,
Hortensia


Manzanillo, 3 Sepitembala 1994

Osmel mlongo wanga,

Moni. Tili bwino, ndipo ulendo uno ndikunena zoona. Kalata yako ya Ogasiti yafika Lolemba, itatha mwezi panjira. Ndikudziwanso kuti Amayi anakulembera, chifukwa munthu wobisa sabwereka cholembera kwa amene akumubisira. Ndiye zambiri ukuzidziwa. Ndikuuza zotsalazo kuti a Fermina asakusokoneze.

Njinga sinkatheka kukwera, ndinachita kukankha misewu isanu ndi inayi. Tawuni yonse inali pakhonde tsiku limenelo. Wometa uja wa pakona anakuwa kuti, "Idalmis, mukusamuka pang'onopang'ono? Denga mubwera nalo mawa?" Ndinamuuza kuti asamale khutu la munthu amene akumumetayo.

Nereida ndinamupeza akusoka pakhonde. Anayang'ana ine, anayang'ana chitseko, makina osaimitsa.

"Mwasochera, alamu?"

"Ndabwera ndi chitseko."

"Ndachiona. Ndimayesa mwabwera ndi mwamuna wanga."

Ndinamufotokozera zonse, za timabotolo, za chitsime, za mota yake ndi chitseko changa. Ndinalankhula ngati ndikulankhula ndi khoma, maso ali pa njinga. Nditamaliza anadula ulusi ndi mano n'kunena kuti, "Za Amayi palibe chokambirana, mukanabwera mu Juni. Koma chitsekocho chilowa chokha. Inu muli ndi mawu amene munasiya pamzere wa buledi."

"Mukuwadziwa."

"Munanena ambiri. Ndikufuna ndimve amene mwabwera kudzatenga."

Osmel, mayeso onse a ku Santiago sananditulutse thukuta ngati limenelo. Ndinati, "Ndinanama. Sanathawe inu nokha, anathawa tonse, ndi Amayi omwe. Ndipo ine sindinkadziwa kanthu."

"Zoti simunkadziwa ndinazindikira kalekale," anatero. "Munthu wa pakamwa ngati panu sangasunge chinsinsi mpaka Lachitatu. Lowetsani, mukanda khoma."

Hinjesi ya m'mwamba inalowa ngati inabadwira pomwepo. Ya m'munsi ndiye inakana, chifukwa pomangira pake panali patadyeka, bauti ikungogwira mphepo. Ndinakhala pansi n'kuyamba kuwerengera kumene ndingapeze wowotcherera zitsulo, ndi nkhuku zingati zimene zatsala. Nereida anaima kumbuyo kwanga atagwira m'chiuno.

"Nsalu ikang'ambika pa batani sindisoka pong'ambikapo. Ndimaika chigamba kumbuyo."

"Iyi si siketi, alamu."

"Ndiye khalani pomwepo ndi uinjiniya wanu."

Analowa kukhitchini n'kubwera ndi chivundikiro cha poto wa ukwati wanu. Ndinachidula, ndinachipinda, ndinaboola, n'kuchilowetsa kumbuyo kwa podyekapo. Chinagwira. Akuti potoyo anali wamkulu kale kwa munthu mmodzi.

Tinaikamo kapu ya madzi, tinatseka, tinayatsa. Maola awiri tinakhala m'khitchinimo ngati odikira wodwala. Anakazinga mbatata. Sitinakambe za iwe, usadzimve. Atatsegula, kapu inali itachita thukuta kunja. Anamwa theka, ine theka, ndipo mano anandiwawa. Sindinadziwe kuti kuwawa kwa mano kungakome chotero. Ndinathamanga ndi njinga kukavuula botolo m'chitsime. Timabotolo ndinatiika pashelefu ya pakati, kutali ndi pouma ayezi. Namwino anabwera kudzayang'ana kabotolo kalikonse padzuwa. Tonse tili bwino.

Amayi akanatha kusunga kamodzi kunyumba, koma akana. M'mawa uliwonse amavala nsapato n'kuyenda misewu isanu ndi inayi kukabaya kwa mpongozi wawo, kenako khofi wopanda shuga ndi miseche, kenako ulendo wobwerera. Namwino akuti shuga wawo sanakhalepo bwino chonchi zaka zinayi. Akuti ndi kuyendako. Ine ndikuti ndi miseche.

Tsopano za iwe. Kalata yako ndinaiwerenga kawiri. Ndinafuna kukukalipira, mawu osabwera, ndipo zimenezi sizinandichitikirepo. Chitsiru iwe, unkaganiza kuti tsache lingandichititse manyazi? Ine ndimakonza maprimasi ophikira a anthu posinthana ndi mazira. Chimene chikundipweteka n'chakuti zaka zitatu ndakhala ndikuchitira nsanje munthu wa galimoto amene kulibe, pamene mlongo wanga weniweni akunyamula makireti osadya. Ukanandiuza. Ndikanakunyoza mwezi umodzi n'kuiwala.

Mota usagule. Ngakhale itafika yatsopano, msewu wathu umakhala wopanda magetsi theka la tsiku, ndipo firiji yabwino yopanda magetsi ndi kabati. Zimenezi zinali pamphuno panga kuyambira Juni, koma ndinkafuna kuonetsa anthu kuti ndimatha kukulunga waya. Kabotolo kaja kanafera zimenezo. Lamlungu uzipuma. Ukapeza kenakake ugule nsapato, ndipo chotsala usungire insulini ya Disembala.

Nereida umulembere wekha. Sindikunyamulira uthenga, ndanyamula kale chitseko. Sanandifunse za iwe, koma keyala yako ndinaisiya pamwamba pa firiji ndipo tsiku lotsatira panalibe. Mwina ndi mphepo. Usayembekezere zambiri, ingolemba zoona monga unandilembera ine.

Bambo wa Lachisanu uja akalembanso china pabolodi, ukopere usanafufute. Si za ine ayi. Azimayi a pakhonde akana kuthetsa msonkhano, tsopano akulimbana ndi denga la a Clotilde, ndipo afika pa maganizo khumi ndi awiri, onse oopsa.

Magetsi azima pompano ndikulemba. Wailesi ya aneba yadukira pakati pa nyimbo, msewu wonse ukutukwana. Kale akazima chonchi mtima unkandithawa, n'kuyamba kuwerenga maola ndi kuthamangira kuchitsime. Lero ndangosuntha mpando kufupi ndi zenera kuti ndimalize kalatayi.

Mkulu wako,
Idalmis